Electron-volt: muyezo umene umasiyanitsa mantha ndi ngozi yeniyeni

Aliyense amene anatsegulapo kuseri kwa foni ya mabatani, zija zimagulitsidwa pa mabenchi ku Kawale ndi mumsika wa Area 23, anaonapo timalemba tiwiri pa batire, monga 3.7V ndi 1000mAh. Okonza mafoni amatiwerenga tsiku ndi tsiku akamasaka batire lolowa m'malo mwa lotupa. Timalemba timeneti ndi mbali ziwiri za samu imodzi imene yagwira sayansi yonse ya magetsi. Koyambako kakunena za ma volt, kutanthauza kukula kwa kukankha kumene magetsi ali nako, ndipo kachiwiriko kakunena za tchaji, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene batirelo lingatulutse lisanathe. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza mphamvu. Ophunzira a physics amakumana ndi samuyi pamodzi ndi muyezo wina wachilendo wotchedwa electron-volt, umene umafupikitsidwa kuti eV, ndipo ambiri amangouloweza pamtima n'kuuiwala mayeso akatha. Ine ndikuona kuti pamenepa timataya chinthu chamtengo wapatali, chifukwa muyezo umenewu ndi umene umathandiza munthu kudziwa chimene ayenera kuopa ndi chimene sayenera kuopa pakati pa nsanja ya netiweki, dzuwa la mu Okutobala, makina a X-ray ndi soketi ya m'nyumba mwake.

Samuyo payokha si yovuta. Tchaji amaiyeza mu coulomb, mphamvu amaiyeza mu joule, ndipo volt imodzi ndi pamene coulomb imodzi ya tchaji yapatsidwa joule imodzi ya mphamvu. Dzina la volt linachokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire loyamba m'chaka cha 1800. Batire lolembedwa 1000mAh lingatulutse ampere imodzi kwa ola lathunthu, ndipo poti ola lili ndi masekondi 3,600, tchaji yonse ndi ma coulomb 3,600. Kuchulukitsa 3,600 ndi 3.7 kukutipatsa ma joule 13,320. Mayunitsi a ESCOM amene timagula pa foni n'kulowetsa mu mita nawonso ndi mphamvu yomweyi, kungoti yapimidwa ndi muyezo waukulu: yuniti imodzi ndi kilowatt-hour imodzi, imene ndi ma joule 3,600,000. Ndiye kuti yuniti imodzi, patapanda kutayika kalikonse m'njira, ingadzaze kabatire kaja maulendo 270. N'chifukwa chake wotchaja mafoni pa kawokala ku Chinsapo amatha kupeza phindu ngakhale akulipiritsa ndalama yochepa pa foni iliyonse.

Tsono tchaji si chinthu chimene mungachigawe mpaka kalekale. Mu 1897 J. J. Thomson wa ku Cambridge anaonetsa kuti magetsi amanyamulidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi, ndipo kuyambira 1909 Robert Millikan ku Chicago anayeza tchaji ya elekitironi imodzi poyang'anitsitsa timadontho ta mafuta tikulendewera pakati pa zitsulo ziwiri za magetsi. Lero nambalayo inakhazikitsidwa: kuyambira pa 20 Meyi 2019 maiko anagwirizana kuti ndi 1.602176634 × 10⁻¹⁹ coulomb. Kuti coulomb imodzi ikwane pamafunika maelekitironi pafupifupi 6.24 × 10¹⁸. Electron-volt ndi mphamvu imene elekitironi imodzi yokha imalandira ikadutsa pa volt imodzi, choncho 1 eV ndi 1.602 × 10⁻¹⁹ joule. Ubwino wake uli poti ukawerenga tchaji m'maelekitironi osati mu coulomb, samu imangodziyankha yokha. Elekitironi ya m'batire la foni lija imanyamula 3.7 eV. Ya m'batire la galimoto, ngati amene amakaniko a ku Biwi amasenza tsiku lonse, imanyamula 12 eV. Kanthu kokhala ndi tchaji yowirikiza kawiri ya elekitironi, monga alpha particle imene uranium amatulutsa, kakadutsa pa ma volt 1,000 kamalandira 2,000 eV. Ngati tchaji mwapatsidwa mu coulomb, chulukitsani ndi ma volt kuti mupeze ma joule, kenako gawani ndi 1.602 × 10⁻¹⁹. Ma joule 13,320 a kabatire kaja amasanduka 8.3 × 10²² eV, ndipo yuniti imodzi ya ESCOM ndi 2.25 × 10²⁵ eV.

Apa munthu woganiza bwino akhoza kufunsa kuti, ngati electron-volt ndi joule yomweyo yongochepetsedwa, phindu lake n'chiyani? Yankho loti asayansi safuna kulemba maziro ambirimbiri ndi loona, koma ndi laling'ono. Chachikulu n'chakuti miyezo iwiriyi imayankha mafunso awiri osiyana amene ife timakonda kuwasakaniza. Joule ndi yuniti ya ESCOM zimatiuza kuti mphamvu yonse pamodzi ndi yochuluka bwanji. Electron-volt imatiuza kuti kanthu kamodzikamodzi kanyamula mphamvu yochuluka bwanji pamene kakumenya. Mlimi wa fodya amakudziwa kusiyana kumeneku: mvula yowaza ikhoza kugwa tsiku lonse n'kudzaza migolo osang'amba tsamba ngakhale limodzi, koma matalala a mphindi zisanu, amene madzi ake sangadzaze ndowa, amaboola munda wonse. Mkati mwa atomu zinthu zimayenda chimodzimodzi. Albert Einstein anafotokoza mu 1905 kuti kuwala kumabwera m'timibulu totchedwa ma photon, ndipo kuti elekitironi ichoke pa chitsulo pamafunika kambulu kamodzi kokhala ndi mphamvu yokwanira. Timibulu tofooka, ngakhale titachuluka motani, sitiichotsa. Ntchito imeneyi ndi imene inatchulidwa pomupatsa mphoto ya Nobel ya 1921.

Tikayala zinthu za m'makwalala athu pa muyezo umenewu, zambiri zimaoneka poyera. Kuwala kumene maso athu amaona kuli pakati pa 1.6 ndi 3.3 eV: kofiira kuli pafupi ndi 1.9, kobiriwira ngati masamba 2.3, ndipo kwa buluu 2.7. Sola imene yafala pa madenga ku Area 25 ndi ku Mgona imapangidwa ndi silicon, amene amafuna 1.1 eV kuti elekitironi yake imasuke n'kuyamba kuyenda. Kuwala kwa dzuwa kumaposa malire amenewa, choncho sola imatulutsa magetsi, pamene kutentha kwa malata masana, kumene timibulu take sitifika n'komwe pa 1 eV, sikuiwonjezera kanthu, ndipotu sola ikatentha kwambiri imachepa mphamvu. Kabokosi kalikonse pa sola kamatulutsa pafupifupi theka la volt, n'chifukwa chake mukawerenga timabokosi pa sola yotchajira batire la 12V nthawi zambiri mumapeza 36, tolumikizidwa mondondozana kuti tifike pa ma volt 18. Mababu a LED amachita zomwezo chobwerera: elekitironi imagwa kuchoka pamwamba n'kutaya pafupifupi 2.7 eV monga kuwala kwa buluu, kumene kachikasu kali mkatimo kamakusandutsa koyera. N'chifukwa chake tochi ya LED yoyera siyaka ndi batire limodzi la 1.5V pokhapokha mkati mwake muli kachipangizo kokweza ma volt. Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira Nobel mu 2014 chifukwa chopeza njira yopangira LED ya buluuyo.

Tikakwera pang'ono kupitirira pamene maso amalekezera timafika pa cheza cha dzuwa chotchedwa ultraviolet. Mtundu wake wa UVB umanyamula pafupifupi 4 eV pa kambulu kamodzi, ndipo mphamvu imeneyi ndi yokwanira kusokoneza DNA ya m'maselo a khungu. Khungu lakuda lili ndi melanin amene amameza chezachi chisanalowe mkati. Abale athu achialubino alibe chitetezo chimenechi, ndipo n'chifukwa chake khansa ya pakhungu imawazunza ndi kuwapha akadali aang'ono, n'chifukwa chakenso bungwe lawo la APAM limalimbikira nkhani ya mafuta oteteza ku dzuwa, zipewa zazikulu ndi malaya aatali manja. Kusiyana kwa kuwala kumene kumangotiunikira ndi cheza chimene chimabala zilonda pa khosi la mwana ndi electron-volt imodzi kapena ziwiri basi. Ndikaganizira zimenezi ndimalephera kuvomereza kuti muyezowu ndi nkhani ya m'kalasi mokha.

Nsanja za netiweki, zimene anthu ambiri amaziyang'ana ndi diso lokayika zikamangidwa pafupi ndi nyumba, zili kumunsi kwenikweni kwa muyezowu. Mafunde a 900 MHz amanyamula pafupifupi 0.000004 eV pa kambulu kamodzi, ndipo a 3.5 GHz, amene 5G imagwiritsa ntchito m'maiko ambiri, amanyamula pafupifupi 0.000015 eV. Kuti elekitironi ithothoke pa molekyu ya madzi, amene ndi gawo lalikulu la thupi lathu, pamafunika 12.6 eV. Ngakhale kunjenjemera kwachibadwa kwa maatomu chifukwa cha kutentha kwa m'chipinda, kumene kuli pafupi ndi 0.025 eV, kumaposa kambulu ka nsanja maulendo masauzande. Wina anganene kuti bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, mu 2011 linaika mafunde a wailesi m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. N'zoona, ndipo si bwino kubisa. Koma gulu limeneli limatanthauza kuti umboni unali wochepa ndi wosakhutiritsa, ndipo nkhawa yake inali makamaka pa foni yogunda kukhutu nthawi yaitali osati pa nsanja ili patali. Chimene chikudziwika bwino n'chakuti mafunde otere akachuluka kwambiri amatenthetsa, monga zimachitikira mu microwave, ndipo malamulo a malire ake anaikidwa poteteza ku kutenthako. Mantha opanda muyezo amawononga: mu 2020 ku Britain anthu anatentha nsanja za mafoni poganiza kuti 5G ikufalitsa Covid-19, ndipo mphekesera zomwezo zinayenda pa WhatsApp kuno kwathu.

Pamene pali matalala enieni ndi m'chipinda chojambulira ku Kamuzu Central Hospital kapena ku Bwaila. Makina a X-ray, amene chiyambi chake ndi zimene Wilhelm Röntgen anapeza mu 1895, ndi chitsanzo choyera cha samu ija. Mkati mwake muli botolo lochotsedwa mpweya. Kumbali ina kawaya kotentha kamatulutsa maelekitironi, kumbali inayo kuli chitsulo cha tungsten, ndipo pakati pake amaikapo ma volt ambiri zedi. Wojambula akatchera makina pa 100 kV, kutanthauza ma volt 100,000, elekitironi iliyonse imathamanga popanda chopinga n'kukamenya tungsten ili ndi mphamvu yofika 100,000 eV, imene imalembedwa kuti 100 keV. Pafupifupi 99 pa 100 ya mphamvuyo imangosanduka kutentha, ndipo kotsalako kamatuluka monga cheza cha X-ray chimene kambulu kake kamphamvu kwambiri sikangapose 100 keV. Choncho nambala ya kV imene wojambula amasankha ndi imene ikunena kuti chezacho chiboola mozama bwanji: dzanja limafuna ochepa, chifuwa chimafuna ambiri. Kambulu kamodzi kotere kangathothole maelekitironi masauzande m'thupi. N'chifukwa chake wojambula amabisala kuseri kwa khoma la mtovu, ndipo amafunsa mayi ngati ali woyembekezera asanamujambule. Wodwala amalandira pang'ono kamodzi pa nthawi yaitali, ndipo phindu loona TB kapena fupa lothyoka limaposa kutali chiopsezo chake. Wojambulayo akanakhala pambalambanda akanalandira tsiku lililonse.

Pa malo a Kamuzu Central Hospital pali National Cancer Centre, imene inatsegulidwa mu 2025 mothandizidwa ndi bungwe la dziko lonse loona za mphamvu ya atomu la IAEA, limene Malawi analowamo mu 2006. Kwa zaka zambiri odwala ofunika radiotherapy, chithandizo cha khansa chogwiritsa ntchito cheza, ankadikira mwayi wotumizidwa ku India ndi maiko ena, m'dziko limene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kuposa m'maiko ambiri pa dziko lapansi. Radiotherapy imagwira ntchito pa mamiliyoni a electron-volt, olembedwa kuti MeV. Cobalt-60 amatulutsa cheza cha 1.17 ndi 1.33 MeV, ndipo makina otchedwa linear accelerator kawirikawiri amatcheredwa pa 6 MV kapena kuposa. Mkati mwa makinawa mulibe malo amodzi okhala ndi ma volt 6,000,000. Maelekitironi amakankhidwa pang'onopang'ono ndi mafunde a microwave mpaka mphamvu yawo ifanane ndi ya elekitironi imene yadutsa pa ma volt ochuluka chotero. Anthu ambiri akamva za chithandizochi amaganiza za moto, ndipo ena amathawa. Nambala zikutsutsa zimenezo. Chotupa chikalandira ma gray 60 pa masabata angapo, ndiye kuti kilogalamu iliyonse yalandira ma joule 60 okha, pamene kutenthetsa kilogalamu ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna ma joule pafupifupi 4,200. Kutentha kwake sikungamveke n'komwe. Chimene chimapha maselo a khansa ndi kuduka kwa DNA yawo, ndipo kupsa kwa khungu kumene odwala ena amaona kumachokera ku maselo abwino amene avulala panjira ya chezacho, osati ku malawi a moto. Mbali ina ya nambala zomwezi ndi yoopsa: ma gray 4 kapena 5 okha atafika thupi lonse nthawi imodzi angaphe theka la anthu owalandira ngati sathandizidwa, chonsecho kwa munthu wa makilogalamu 70 amenewo ndi ma joule osapitirira 350, ochepera kutali mphamvu ya kabatire ka foni ya mabatani.

Koma pali chitsutso china chimene ndi champhamvu kuposa zonse, ndipo chiyenera kuyankhidwa mosazemba. Ngati magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi ma volt 230, ndiye kuti elekitironi iliyonse ili ndi 230 eV yokha, yochepa kwambiri poyerekeza ndi 100,000 eV ya X-ray. Nanga bwanji soketi imapha nthawi yomweyo pamene X-ray siipha? Yankho n'lakuti electron-volt ndi theka la nkhani, ndipo theka linalo ndi chiwerengero. Magetsi a ma milliampere 30 okha akadutsa pachifuwa akhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo amenewo ndi maelekitironi pafupifupi 1.9 × 10¹⁷ pa sekondi iliyonse. Komanso elekitironi ya m'waya kapena m'thupi sithamanga momasuka ngati ya m'botolo lopanda mpweya. Imagundagunda maatomu njira yonse n'kumataya mphamvu yake pang'onopang'ono monga kutentha. Ichi ndi chifukwa chake nthambo zikuluzikulu za 400 kV zochokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma sizitulutsa X-ray ngakhale ma volt ake akuposa a makina a kuchipatala kanayi. Ngozi ya nthambo ndi kuzikhudza kapena kuziyandikira, ndipo ngozi ya waya wosakutidwa wodutsa pansi kuchoka nyumba ina kupita ina, m'nyengo ya mvula ana akusewera opanda nsapato, ndi yaikulu kuposa nsanja zonse za mu Lilongwe. Choncho muyezowu suchotsa kusamala. Umangolozera kumene kusamalako kukufunika.

Pamwamba pa zonsezi pali mphamvu ya mkati mwa atomu, imene Malawi sangaitenge ngati nkhani ya kutali. Atomu imodzi ya kaboni ikapsa mu mbaula ya makala imatulutsa pafupifupi 4 eV. Atomu imodzi ya uranium-235 ikagawika imatulutsa pafupifupi 200 MeV, kuposa ya makala maulendo 50 miliyoni. Kusiyana kumeneku ndi kumene kunachititsa kampani ya Paladin kutsegula mgodi wa Kayelekera ku Karonga mu 2009, umene unaimitsidwa mu 2014 mitengo ya uranium itagwa. N'chifukwa chakenso Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Atomic Energy Act mu 2011, limene linabala bungwe la AERA loyang'anira zida ndi zinthu zotulutsa cheza. Dziko lokhala ndi uranium pansi pake ndi makina a MeV mu likulu lake silingadalire alendo okha kuti aziliwerengera nambala zake.

Ena adzati banja la ku Mgona limene likusowa ya ufa ndi ya mayunitsi silingadye electron-volt. N'zoona, koma banja lomwelo ndi limene limagula sola pamsika, limene limakana kapena kuvomera kujambulidwa chifuwa, ndiponso limene mayi ake angauzidwe mawa kuti apite ku radiotherapy. Zosankha zonsezi zimapangidwa ndi chidziwitso kapena ndi mphekesera. Makinawo nawonso sayenda okha: amafuna akatswiri a physics ya zachipatala oyeza cheza chake m'mawa uliwonse wodwala asanagonekedwe, ndipo akatswiri amenewo ayenera kuchokera m'makalasi a Fomu 3 ndi Fomu 4 a masukulu ngati a ku Chinsapo ndi Kawale. Vuto ndi lakuti mutuwu kawirikawiri umaphunzitsidwa ngati nambala yoloweza kuti mwana akhoze mayeso a MANEB, osalumikizidwa ndi chilichonse chimene iye anachigwirapo ndi manja. Aphunzitsi a physics, musadikire labotale yokwana. Tengani batire lakufa la foni, babu la LED lopsa ndi sola yosweka, muuze ana awerenge okha timalemba take ndi kupeza ma eV a chilichonse. Ndipo inu a zaumoyo, wodwala akafunsa ngati makinawo amuwotcha, mupatseni nthawi ndi kumufotokozera m'Chichewa kuti chezacho chikalunjika pa chotupa, chapimidwa, ndipo makina a linear accelerator akazimitsidwa iye satuluka nacho m'thupi kupita kunyumba.